Mpunga Wofiira wa a Dominga

Kuno kwa Mlolo zaka timazikumbukira ndi madzi. Munthu akafuna kunena chaka chimene mwana wake anabadwa, amati chaka chimene Ruo anasefukira mpaka kusukulu, kapena chaka chimene tinagona m'matenti. Koma chaka chimene ndikunena ine, madzi sanatilakwire. Mvula inagwa bwino, ngalande za mu sikimu zinadzaza, nyumba sizinagwe. Njala ya chaka chimenecho inamera m'munda momwemo, ife tikuipalira.

Disembala

Tinali ndi ndime imodzi mu sikimu ya mpunga, chakumunsi, kumene madzi a m'ngalande amafika mochedwa. Pakhomo tinalipo asanu: ine, amuna anga a Zuze, mwana wathu woyamba Tereza amene anali Fomu 3, ndi ang'ono ake awiri, Lonjezo ndi Maliya. Chimanga kwathu kuno sitichidalira kwenikweni. Timalima mpunga, tigulitse, tigule chimanga. Sukulu ya Tereza, sopo, mchere, malata amene tinkafuna kuwonjezera padenga, zonsezo zinali m'ndime imeneyo.

Titakolola chaka cham'mbuyo, zitsa za mpunga sitinatenthe. Chinyezi chinakhalitsa, zitsazo zinaphukiranso, ndipo tinakondwera chifukwa pa mphukirazo tinkapululapo kampunga kophika. Ng'ombe za anthu zinkadya momwemo, kuchoka ndime iyi kulowa iyo. Mphukira zina zinali zachikasu. Ndinaziona ndithu, koma ndani amafunsa za mtundu wa mphukira?

Tinafesa nazale ya Kilombero pafupi ndi zitsa zomwezo, monga anachitira aliyense. Kilombero ndiye wonunkhira, ndiye amene mavenda amamulondola mpaka kumunda.

Amene sanafese Kilombero anali a Dominga okha, eni ndime yoyandikana ndi yathu. A Dominga anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anawoloka Ruo ali ndi mwana kumsana. Mwanayo anakula n'kupita ku Joni, osamvekanso. Amuna awo anamwalira kalekale. Anali mayi wosaseka, wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, ndipo ankalima mpunga wofiira umene anachoka nawo kwawo: wautali, wovuta kusinja, wosanunkhira. Anthu ankautcha wa nkhuku.

"A Dominga," ndinatero tsiku lina, "bwanji chaka chino osadzatenga mbande kwa ine? Ndafesa zambiri."

"Nkhabe, mwananga," anayankha osadzutsa mutu. "Wanuwo ngwa anthu a ku Blantyre. Ine ndikufuna wokhalitsa m'mimba."

Januwale

Powokera timathandizana. Lero ndime ya uyu, mawa ya uyo, azimayi kuwerama mumzere m'matope, abambo kuzula mbande ndi kuzimanga m'mitolo. Mbande zikatalika timadula nsonga za masamba kuti zisagwe ndi mphepo. Mpeni unali umodzi, wa a Zuze, ndipo unayenda ndime zonse za mbali yathu. Amene nazale inawachepera tinawagawira mbande. Ifenso tinapemphako kwa ena.

Loweruka Tereza ankabwera kudzawokera nafe, akuloweza za kusukulu chapansipansi, mawu a Chingerezi amene ine sindinkawamva. Ankafuna unamwino. Tsiku lina pa msewu wa sikimu panaima njinga yamoto. Anali a Mateyu, venda wa ku Bangula amene ankatigula mpunga chaka ndi chaka. Akazi awo anali atamwalira, kuwasiyira ana awiri. Anayamikira mizere yathu, kenako anati kwa a Zuze, "Mwana wanu wakulatu."

A Zuze anaseka. "Ameneyo ngwa sukulu, bwana."

Zinathera pomwepo.

Febuluwale

Chikasu chinayamba pakati pa ndime, malo okula ngati mphasa. Masamba atsopano ankatuluka ali ndi timadontho ndi timizere tachikasu, ndipo mpungawo sunkabereka ana. Mpunga wabwino ukagwira, phando limodzi limadzaza dzanja. Wathu unangoima, timapesi towerengeka, waufupi ngati wawokeredwa dzulo.

"Njala ya feteleza iyi, mayi a Tereza," anatero a Zuze.

Tinali ndi mbuzi imodzi, ya bere. Anaimanga pa njinga kupita nayo kumsika, anabwerako ndi yuleya m'kathumba. Tinathira. Udzu ndiwo unasangalala. Chikasu chija chinachoka pa mphasa imodzi n'kufika m'malire, ndipo titadzutsa mitu tinaona kuti kwa anzathu chafikanso.

Aliyense anayesa zake. Ena anapopera mankhwala a thonje. Ena anaitana abusa, amene anayenda m'mphepete mwa ndime akupemphera, thalauzi atapinda. Kunamveka kuti madzi athiridwa poizoni kumtunda. Kunamveka kuti mbewu inali yoguga. Kunyumba tinayamba kudya kamodzi pa tsiku, koma zimenezo sizinatidabwitse. Febuluwale amatero chaka chilichonse. Munthu umamanga chitenje pamimba, maso ali ku Meyi.

Malichi

Pofika Malichi, ukaima pa mlatho wa ngalande yaikulu, sikimu yonse inkaoneka ngati yawauka ndi moto. Pakati pa chikasu chonsecho panali kachigamba kamodzi kobiriwira: ndime ya a Dominga. Mphepo ikawomba, masamba a mpunga wathu ndi wawo ankakhudzana pamalire. Wathu wachikasu, wawo uli biriwiri.

Nkhani inayambira pa mjigo. Ankati mayi aja ali ndi mankhwala okokera zokolola za anzawo, anawakwirira m'ngodya za ndime. Ankati ndi mankhwala a kutsidya, kumene anthu sachita masewera. Ana analetsedwa kudutsa pakhomo pawo.

M'mawa wina ndikuzula udzu, ndinaona gulu la abambo likubwera ndi makasu. A Zuze anali pakati pawo. Analowa m'ndime ya a Dominga n'kuyamba kukumba m'ngodya, akupondereza mpunga m'matope. A Dominga anakhala pansi pamalire, mapazi ali m'madzi, n'kumawayang'ana.

"Kumbani," anatero. "Mukapeza, mundigawireko."

Anapeza chigoba cha nkhono ndi chidutswa cha khasu lakale. Ine ndinali chiimire, udzu uli m'manja. Sindinawaletse, sindinawathandize. Ndinkangoganiza kuti ufa kunyumba watsala wa mawa lokha.

Sabata yomweyo kunabwera alangizi a zaulimi, mayi wachitsikana wovala jombo. Anayenda mu sikimu akutembenuza masamba, kenako anatisonkhanitsa pansi pa mtengo pafupi ndi shedi ya sikimu.

"Si feteleza, si madzi, si munthu," anatero. "Ndi kachilombo ka vairasi, kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala m'madzi a m'kati mwa tsamba. Kamalowera pa bala. Tizilombo todya masamba timakanyamula. Ng'ombe, makoswe, mpeni, manja athu powokera, ngakhale masamba okhaokha akamakhulana. Kukakhala kulibe mpunga kamabisala m'zitsa zophukira ndi m'maudzu."

A Zuze anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti akuganiza za mpeni wawo.

"Mankhwala ake ndi ati?" anafunsa bambo wina.

"Palibe, bambo. Wodwalawo muzule, mutenthe."

"Wonsetu ndi wodwala."

Kenako bambo wina wa gulu la makasu lija analoza a Dominga, amene anakhala paokha kumapeto.

"Nanga wa mayi awa?"

"Kachilomboka pakokha sikangaswane," anatero alangizi. "Kakalowa m'tsamba kamabwereka zipangizo za mpunga womwewo kuti kachulukane. Mitundu ina ya mpunga zipangizo zake n'zosiyana pang'ono, ndiye kamalowa koma kamalephera kugwira. Ina ikamva kuti kalowa, imaumitsa kamalo komweko, kachilomboko n'kuthera pomwepo. Wa amayiwa sindinaupimepo, sindinganame. Koma tikhoza kuyesa tonse tikuona, ngati eni ake alola."

A Dominga anakweza mapewa. "Atengetu. Wina anaponda kale."

M'mawa mwake alangizi anabwera ndi ndowa ziwiri. Mu ina munali Kilombero wabwinobwino wochokera kudimba lakutali ndi sikimu, mu inayo anaikamo phando la a Dominga. Anathyola masamba achikasu m'ndime yathu, anawasinja pamwala ndi timadzi ndi kamchenga, ndipo msuziwo anaupaka ndi zala pa masamba a mu ndowa zonse ziwiri. Anafunditsa neti yakale n'kuzisiya pa shedi.

Epulo

Patapita masabata awiri kapena kuposerapo tinaitanidwanso. Atavundukula neti, Kilombero uja anali ndi timadontho tomwe tija. Wofiira unali utatulutsa tsamba latsopano, lobiriwira.

Anthu anayang'ana. Wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti mankhwala awo ngamphamvu kuposa mmene timaganizira." Palibe anaseka, palibe anamutsutsa. Tinabalalika. Madzulo ake a Zuze anatenga khasu n'kukakwirira maenje a m'ngodya za ndime ya a Dominga.

Tsopano tinkadziwa dzina la chimene chikutipha ndi njira zimene chinadzera. Mpunga wathu unafika potulutsa ngala. Ngala zinkatuluka theka n'kukanirira m'phesi. Zimene zinatuluka, ukafinya njere ndi chikhadabo, munalibe kanthu.

A Zuze anapita ku Nchalo kukafuna ntchito yodula nzimbe. Anakapeza anthu ochokera konsekonse atafika kale, malo sanapeze. Anakhala kwa msuweni wawo n'kumagwira maganyu otunga madzi, zopeza zake zongokwanira pakamwa pawo.

Kumsika chimanga chinkakwera tsiku la msika lililonse, ndipo mbale yoyezera inkaoneka ngati ikuchepa, yophwanyidwa kunsi. Kunamveka kuti kukubwera chimanga cha chithandizo. Kenako kunamveka kuti chithandizo chimapita kumene kwasefukira kapena kumene kwachita ng'amba, ndipo ife mvula yathu inagwa bwino. Anzathu ena anagulitsa njinga. Ena anachotsa malata padenga. Banja lina linatseka chitseko n'kuwoloka Ruo.

Ife tinayamba nyika. Nyika ndi timizu tozungulira ta maluwa a m'madzi, timene timakhala m'matope pansi pa dambo. Umalowa madzi mpaka m'chifuwa, n'kumafufuza ndi zala za kuphazi, ukamva kolimba umamira n'kukazula. Tinkapita azimayi ambiri, ena akumenya madzi ndi ndodo chifukwa cha ng'ona. Poyamba ndinkaopa. Kenako mantha anatha, osati chifukwa cholimba mtima, koma ngati mmene phazi limachitira dzanzi. Tereza ankabwera nane. Anali wamtali, ankafika pamene ine sindinkafika.

Nyika imawawa, ndipo m'mimba mwa mwana simukhazikika. Lonjezo anasiya kusewera. Ankangokhala chotsamira khoma, mimba ili tuu, tsitsi likufiira. Kuchipatala anatipatsa chiponde cha m'timapaketi. Iye akadya, Maliya ankatola kapepala n'kumanyambita.

Ndi masiku amenewo pamene kunabwera azakhali a a Mateyu. Anatsitsa pa njinga thumba la chimanga losadzaza. Anati n'longothandiza, poti a Mateyu amva za mwana wodwala. Atamwa madzi anawonjezera kuti ku Bangula kuli nyumba ya malata yopanda mayi, ndipo ana awiri akuvutika. Anati tisayankhe msanga.

Chimanga chija ndinachilandira. Tsiku lomwelo ndinapita nacho kuchigayo.

Ndinabwereka foni ya aneba kuimbira a Zuze. Ndinawafotokozera zonse.

"Inu mukuona bwanji, mayi a Tereza?" anafunsa.

"Ndimati ndimve kwa inu."

"Inu ndi amene muli pafupi."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Tereza sindinamuuze, koma m'nyumba ya chipinda chimodzi mulibe chobisika. Tsiku lina tikutsuka nyika kuseri kwa nyumba, anati, "Amayi, auzeni ndavomera."

"Nanga sukulu?"

"Sukulutu ndinasiya kale, amayi. Simunaone?"

Zinali zoona. Kuyambira pamene tinayamba kupita kudambo sanavalepo yunifolomu, ndipo ine sindinafunsepo. Ndinafufuza mumtima mwanga mawu oti ndimuletse nawo. Ndinafufuza ngati mmene tinkafufuzira m'matope ndi zala za kuphazi, osamva kolimba paliponse. Ndinati, "Thira madzi ena, izi zikadali ndi matope."

Meyi

Tereza anapita kumayambiriro kwa Meyi. Kunalibe ng'oma, kunalibe za kutchalitchi. A Zuze anabwera, anakhala pamphasa ndi anthu a kuchimuna, anagwirizana, n'kubwerera ku Nchalo. M'nyumba munalowa chimanga ndi mapira. Tereza anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, chikwama chili pamiyendo, kulowera kudoko kumene amawolokera Shire. Ine ndinatenga tsache n'kusesa pabwalo. Azimayi anzanga ankati ndine wolimba mtima. Sindinkamva kalikonse, ngakhale njala.

Tinamweta ndime yathu ine ndi mlamu wanga. Tinapuntha, ndinapeta. Mphepo inatenga pafupifupi zonse. Chimene chinatsala pa lichero ndinabwera nacho kunyumba mu ndowa, ndipo ndowayo ndinainyamula ndi dzanja limodzi.

Mpunga wa a Dominga unali wochedwa kucha. Pamene unayamba kuweramitsa ngala, mbalame za chigwa chonse zinapeza kuti mu sikimu monse chakudya chili pamalo amodzi. Zinkabwera ngati utsi. M'mawa wina ndinamva "odi" pakhomo. Anali a Dominga. Chikhalire nawo pafupi zaka zonsezo, anali asanapondepo pakhomo panga.

"Mwananga, mbalame zandigonjetsa. Bwera udzandithandize, tidzagawana."

Tinamanga zingwe kudutsa m'ndime, n'kupachikapo zitini ndi mapepala apulasitiki. Iwo mbali iyi, ine mbali iyo, kuyambira kukucha mpaka dzuwa kulowa, kukoka zingwe, kuponya matope, kukuwa mpaka mawu kutha. Ukathamangitsa kuno, zatera uko. Anthu odutsa nawonso ankathyolako ngala n'kubisa m'chitenje. A Dominga ankawaona, osanena kanthu. Mphamvu zokuwira anthu ndi mbalame pamodzi panalibe.

Masana ena titakhala pamalire, tikutafuna misale ya mapira, anandifunsa.

"Mwana wapita?"

"Wapita."

"Akadadikira pang'ono."

"Tikadadikira," ndinatero.

Mbalame zinatera, tinadzuka.

Juni

Tinamweta wofiira kumayambiriro kwa Juni. Mbalame ndi anthu anali atatengapo gawo lawo, komabe titapuntha panali mulu, mulu weniweni wa mpunga wolemera m'manja. A Dominga anandipatsa dengu lodzaza, ndi kachikho kena pambali.

"Uwu usadye," anatero, akuloza kachikhoko. "Ngakhale mwana alire."

"Takhuta, mama," ndinathokoza m'chilankhulo chawo.

Anthu anayamba kufika pakhomo pawo kudzapempha mbewu, ena mwa iwo omwe aja a makasu, zipewa zili m'manja. Ena ankawapatsa ndi kapu, ena ankawabweza, osanena chifukwa. Alangizi nawonso anapemphako pang'ono kuti akaupimitse. Anatiuza kuti matendawa sayenda m'mbewu, koma anatichenjeza kuti tisaganize kuti wofiira udzalimba mpaka kalekale. Anati tonse tikadzala mtundu umodzi, kachilombo kaja kamasintha mpaka kapeze polowera. Lero ambiri timadzala wofiira chigawo, Kilombero chigawo, nazale kutali ndi zitsa. Chikasu chimabwerabe, koma sichinatengenso sikimu yonse.

Za zitsa panali mkangano. Zinali zitayambanso kuphukira, ndipo anthu anjala ankaziyang'ana ndi chiyembekezo. Mayi wina anagona m'ndime yake, akuti mumutenthere pamodzi. Anamunyamula abale ake. Tinatseka madzi, zitsa zinauma, tinayatsa. Utsi unakhala pamwamba pa mudzi masiku angapo, zovala zonse kununkha.

Wofiira ndinausinja mpaka manja kutuluka matuza. Pophika umamwa madzi ambiri, ndipo sununkhira ngakhale pang'ono. Lonjezo anadya, anapempha wina, anagona chagada pamphasa. Pakutha kwa mwezi anayamba kuthamangitsa nkhuku za aneba.

Ogasiti

Tereza anabwera kudzationa mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa phulusa la mu sikimu. Anavala chitenje chatsopano ndi nsapato. Masaya anali atabwerera. Anagwada pakhomo n'kundipatsa moni wa ulemu wonse, ngati mlendo wochokera kutali, kenako anatulutsa shuga, sopo ndi ufa woyera. Maliya anabisala kumbuyo kwanga. Tereza anakoka Lonjezo, anamutsina pamkono kuona mnofu, anagwedeza mutu.

Anacheza za mtengo wa nsomba ku Bangula, za bwato limene anakwera, za azakhali aja. Ine ndinamuuza za maliro a m'mudzi. A Zuze anali akadali ku Nchalo, anali atapeza malo tsopano. Dzuwa litapendeka anati ayenera kubwerera, ana a a Mateyu atsala okha ndipo sanawasiyire ndiwo.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu waukulu. Pafupi ndi pokwerera njinga ndinafunsa.

"Akukusunga bwino?"

Anayang'ana kutali, kumene ndime zinali zakuda bii mpaka kumtsinje.

"Ndimadya katatu, amayi," anatero.

Ndinadikira kuti awonjezere. Anakonza mpango kumutu.

"Basi bwererani, dzuwali lawawa."

Anakwera, njinga inanyamuka. Ndinaima mpaka fumbi linakhazikika. Kenako ndinakumbukira kuti mumtsuko mulibe madzi, ndipo ndinabwerera kukatenga ndowa.